Hedi ya Morris Minor 1098: ndigule ina kapena ndikonzetse yomweyi?

Minor1000: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto ndi Morris Minor 1000, injini ya 1098cc. Ikuwira pokwera chitunda, madzi akuchepa mu rediyeta, ndipo ikaima ikunjenjemera ngati ikuyendera masilinda awiri okha. Kompuleshoni ndayeza: silinda 1 ikupereka 150 psi, silinda 2 ikupereka 60, silinda 3 ikupereka 55, silinda 4 ikupereka 148. Ndikuganiza zosintha hedi, chitsulo chovundikira pamwamba pa masilinda momwe mumakhala mavalavu. Kwa ogulitsa zitsulo zakale kuli mahedi atatu, onse akuti ndi a Morris. Ina akuitamanda kuti ndi ya 1275, yamphamvu kuposa zonse. Ndingadziwe bwanji yoyenera injini imeneyi?

Che Sipanala: Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye m'thumba. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi chonchi, kawirikawiri ndi gasiketi yapsa pakampata ka pakati pawo, mpweya ukungodutsa kuchoka mu 2 kulowa mu 3. Zimenezi sizikutanthauza kuti hedi yafa. Musanamasule chilichonse, thirani oyilo wokwana supuni yaing'ono pabowo la pulagi ya 2 ndi ya 3, muyezenso. Nambala zikakwera kwambiri, vuto lili ku maring'i. Zikakhala pomwepo, vuto lili kumwamba: gasiketi kapena mavalavu.

Chinanso, kupsa kwa gasiketi pakati pa masilinda sikumamwetsa madzi pakokha. Ngati madzi akuchepa, pali penanso pomwe akutulukira. Injini imeneyi ili ndi kapaipi kafupi ka labala kolumikiza pansi pa hedi ndi pampu ya madzi, kutsogolo. Kameneko kamaola mobisala, madzi n'kumachepa pang'onopang'ono, injini n'kutentha, gasiketi n'kupsa. Mukangosintha gasiketi osaona kameneko, mubwereranso pano.

Minor1000: Ndathira oyilo, nambala sizinasunthe. Ndiye ndi kumwamba.

Madala a BMC: Tiyambe ndi funso lanu la kuzindikira. Injini iyi ndi ya banja la A-series la BMC (kampani yomwe inkapanga Austin ndi Morris), lomwe linayamba mu 1951 pa Austin A30 ya 803cc n'kudzathera pa Mini mu 2000. Zaka pafupifupi makumi asanu zimenezo mahedi ake amaoneka ofanana kunja: achitsulo, mabowo asanu mbali imodzi, awiri olowetsa mafuta ndi atatu otulutsa utsi. N'chifukwa chake wogulitsa akhoza kukuuzani ndi mtima woyera kuti "ndi ya Morris", koma ili ya injini ina.

Nambala ili pamwamba pa hedi, pansi pa kavala ya marokala (timikono tokankha mavalavu kuti atseguke), inaumbidwira m'chitsulo momwemo. Pukutani ndi palafini ndi bulashi ya waya, mupakepo choko, iwerengeka. Zimene mungakumane nazo ndi izi:

2A628, 2A629 ndi 12A1456: za injini zazing'ono, 848, 948 ndi 998 wamba. Chemba, kutanthauza kachipinda koyakira moto, ndi 24.5cc. Valavu ya inileti, yolowetsa mafuta, ndi pafupifupi 27mm m'mimba mwake; ya ekizozi, yotulutsa utsi, 25.4mm.

12G202: iyi ndiye ya 1098 yanu. Chemba 26.1cc, inileti 29.4mm, ekizozi 25.4mm.

12G206 ndi 12G295: za Cooper 998, MG 1100 ndi MG Midget ya 1098. Chemba 28.3cc, inileti 30.9mm, ekizozi 25.4mm yomweyo. Mabowo ake ndi otakasuka, imapuma bwino kuposa zonse za masilinda ang'onoang'ono.

12G940: ya 1275. Chemba 21.4cc, inileti 33.3mm pa zambiri, ekizozi 29.4mm.

Ilinso AEG163 ya Cooper S, ya mabowo khumi ndi limodzi omangira m'malo mwa asanu ndi anayi. Mavalavu ake ndi aakulu moti anatsala pang'ono kukhudzana, ndipo imadziwika ndi kung'aluka pakati pawo. Imeneyo simuipeza mwachisawawa.

Kawerengeni nambala zonse zitatu, ndi ya hedi yomwe ili pagalimotoyo, mubwere nazo.

Wa pa Lathe: Madala anena zoona, koma ndiwonjezerepo, pakuti apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Nambala imangokuuzani mmene hedi inabadwira. Siikuuzani zimene yakumana nazo zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazi. Hedi ya A-series yosapalidwapo imakhala yochindikala mainchesi 2.750, ndiye kuti 69.85mm, kuyeza kuchokera pankhope yokhala pa buloko (thupi la injini momwe muli masilinda) kufika pamwamba pomwe pamakhala gasiketi ya kavala. Pitani ndi vernier, chida choyezera kuchindikala, kwa wogulitsayo. Yezani kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, mbali zonse ziwiri. Chimene chaperewera pa 69.85 ndi chitsulo chimene anzanu anapala kale. Ngati kutsogolo ndi kumbuyo kukusiyana, ndiye kuti wina anaipala mopendekeka, machemba ake sangafanane.

Minor1000: Ndabwerako. Yomwe ili pagalimoto ndi 12G202. Kwa wogulitsa: yoyamba 12G202, kuchindikala 68.3mm. Yachiwiri 12G295, 69.8mm. Yachitatu ndi 12G940, 69.6mm, imene akuitamanda ija.

Rally_Zomba: Tengani 940, bwana, musaganize kawiri. Mavalavu aakulu, chemba yaing'ono, galimoto idzauluka.

Madala a BMC: Pang'onopang'ono, mwanawe. Silinda ya 1098 ndi 64.58mm m'mimba mwake, ya 1275 ndi 70.6mm. Pa 12G940 mavalavu anawatalikitsa kuti agwirizane ndi silinda yaikuluyo. Mukaikhazika pa buloko ya 1098, m'mphepete mwa valavu ya ekizozi mumakhala pamwamba pa chitsulo cha buloko, osati pamwamba pa bowo. Valavu ikatseguka mokwanira imagunda buloko, n'kupindika. Amene amachita zimenezi bwinobwino amasema timaenje m'buloko pomwe valavu imatsikira, kapena amalowetsa mavalavu a ekizozi m'kati pang'ono, amagwiritsa ntchito gasiketi ya 1275, amaona ngati hedi sikukhudza pamwamba pa pampu ya madzi, ndipo amasuntha marokala kuti agwere pakati pa mitu ya mavalavu. Zimatheka, koma si ntchito yongomanga Loweruka masana.

Komanso werengerani kompuleshoni. Silinda imodzi ya 1098 imakoka 274.5cc. Kufakitale kompuleshoni inali 8.5:1, kutanthauza kuti malo onse otsala pisitoni ikafika pamwamba, kuphatikiza chemba, mbale ya pa pisitoni, gasiketi ndi kampata ka m'mphepete, ndi pafupifupi 36.6cc. Mukachotsa chemba ya 26.1 n'kuikapo ya 21.4, malowo atsika kufika 31.9cc. Phatikizani 274.5 ndi 31.9, mugawe ndi 31.9: mupeza 9.6:1. Ndipo iyi yapalidwapo kale pang'ono, ndiye ipitirira pamenepo. Pa Minor yoyendera tsiku ndi tsiku, ya kabuleta imodzi ya mtundu wa SU ndi rediyeta yakale, mukudziitanira kugogoda ndi kutentha.

Rally_Zomba: Ndamva, madala. Nanga 295?

Madala a BMC: Imeneyo ndiye ndalama yabwino ngati ilibe mng'alu, chifukwa imakhala pa buloko ya 1098 popanda kusema kalikonse. Koma chemba yake ndi yaikulu ndi 2.2cc kuposa ya 12G202. Malo otsala akwera kufika 38.8cc, kompuleshoni itsika kufika pafupifupi 8.1:1. Pa 998 zimaipiratu, imagwa kuchoka pa 8.3 kufika cha m'ma 7.5, mwini wake n'kumadabwa kuti hedi ya Cooper yafooketsa bwanji galimoto. Ndiye imafuna kupalidwa mowerengera kuti chemba ibwerere pa 26cc kapena kutsikirapo pang'ono.

Wa pa Lathe: Ndipo yoyamba ija, ngakhale nambala yake ikufanana ndi yanu, ndiyo yoipa pa zonse zitatu. 69.85 kuchotsa 68.3 ndi 1.55mm. Hedi imeneyo yapita pamakina mwina kanayi kapena kasanu. Chemba yake sili pa 26.1cc ayi, mwina ili cha m'ma 22, ndipo kompuleshoni ifika pafupi ndi 9.5:1. Choopsa china n'chakuti mu hedi ya A-series muli kanjira ka oyilo kochokera mu buloko kupita ku mzati woyamba wa marokala, ndipo kamadutsa pafupi ndi nkhope. Mukapitiriza kupala mumakaboola. Marokala nawonso amayamba kukhala mopendekeka chifukwa mapushirodi, timitengo tachitsulo tokankha marokala, asanduka aatali.

Kuyeza chemba sikufuna zida zodula. Pezani sirinji ya 20ml kapena 50ml ku famase, kagalasi ka pulasitiki kosalala kobooledwa kabowo kamodzi chakumphepete, girizi ndi palafini. Ikani mavalavu mutawapaka girizi pang'ono pomwe amakhalira, mangani pulagi, gonekani hedi chagada mopendeketsa pang'ono kuti kabowo kakhale kumtunda. Pakani girizi wochepa kuzungulira chemba, matanipo kagalasiko, muthire palafini mpaka thovu lomaliza lituluke. Zimene zachoka mu sirinji ndiye kukula kwa chemba. Yezani zonse zinayi, zisasiyane kuposa theka la cc.

Pofuna kudziwa zoti mupale, dindani chemba pa pepala la timabokosi la ana a sukulu, muwerenge timabokosito. Tinene kuti mwapeza masikweya sentimita 28. Ndiye kuti kuchotsa 1cc kukufuna kupala pafupifupi 0.36mm. Osangouza wamakina kuti "palani pang'ono". Pang'ono pake si pang'ono panu.

Mayi Torque: Ine ndikuona kuti tonse tathamangira kumsika pomwe hedi ya mwiniwake sitinaione n'komwe. Bambo Minor1000, itsitseni. Injini izizire kaye mpaka m'mawa. Khuthulani madzi ku rediyeta ndi ku buloko komwe, apo ayi adzathira m'masilinda. Masulani manati pang'onopang'ono, theka la kuzungulira pa nati iliyonse, kuyambira kunja kulowa pakati. Dziwani kuti manati anayi a hedi, a mbali ya mapushirodi, amagwiranso mizati ya marokala, ndiye musayambe ndi kuzula marokala okha pomwe manati ena ali olimba. Mapushirodi asomekeni pa katoni yolembedwa 1 mpaka 8, ndipo powazula apotozeni kaye kuti asanyamule matapeti, tizitsulo tomwe amakhalapo pansipo. Hedi ikakana kutuluka, igogodeni m'mbali ndi hamala ya labala kapena chipika. Sikuludiraiva pakati pa hedi ndi buloko, ayi ndithu.

Gasiketi yakale musataye musanaiwerenge. Pomwe padutsa moto pamada kapena kudukiratu. Pomwe padutsa madzi pamakhala dzimbiri. Pisitoni yomwe yayera kuposa zinzake ndiye imene imatsukidwa ndi nthunzi.

Minor1000: Yatsika. Gasiketi yadukadi pakati pa 2 ndi 3. Kapaipi ka labala kaja n'kong'ambika kumunsi. Hedi ndi 69.8mm ponseponse. Koma mavalavu awiri apakati akuoneka olowa m'kati kuposa anzawo.

Che Sipanala: Ndiye muli ndi hedi yabwino kuposa ya kumsika ija, sinapalidwepo. Mavalavu apakatiwo tiwafotokoze. Kuwerenga kuchokera kutsogolo, mavalavu a injini iyi amayenda motere: ekizozi, inileti, inileti, ekizozi, ekizozi, inileti, inileti, ekizozi. Nambala 4 ndi 5 ndi ekizozi za silinda 2 ndi 3, ndipo zimatulutsira utsi m'bowo limodzi. Bowo limenelo limalandira moto kawiri pomwe anzake akulandira kamodzi. Pakati pa hedi ndiye pamatentha kuposa pena paliponse, n'chifukwa chake kupsa kwa gasiketi, kudyeka kwa masiti (pomwe valavu imakhala ikatseka) ndi ming'alu zimayambira pamenepo.

Kulowa m'katiko ndi siti yomwe yadyeka. Mahedi amenewa valavu imakhala pachitsulo cha hedi chenichenicho, palibe mphete yolimba. Kale petulo anali ndi mtovu, womwe unkasiya kansalu kopyapyala pakati pa valavu ndi siti. Maiko a kuno kum'mwera kwa Sahara anasiya petulo wa mtovu cha kumayambiriro kwa 2006. Popanda mtovu, valavu yotentha imamatirira pa siti pang'ono, potseguka n'kuzula timadontho ta chitsulo, timeneto n'kumapala siti ngati sandipepa. Chizindikiro chake mumachiona hedi isanatsike: mpata wa matapeti a ekizozi, wa pakati pa rokala ndi mutu wa valavu, umangotsekeka wokha. Mwaika 0.30mm, pakapita miyezi iwiri mwapeza 0.15, kenako palibe. Mpata ukatha valavu sitsekanso bwino, imapsa.

Rally_Zomba: Si paja pali mankhwala othira mu thanki olowa m'malo mwa mtovu?

Che Sipanala: Alipo, ndipo amathandiza kuteteza siti yomwe ikadali bwino, makamaka pa galimoto yoyenda pang'onopang'ono m'tauni. Koma sabwezeretsa chitsulo chomwe chapita. Hedi ili kale pabenchi, masiti adyeka kale, yankho ndi kuika mphete zolimba pa ekizozi zonse zinayi.

Mayi Torque: Ndiwonjezere kuti petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ethanol amafuna mafuta ochulukirapo pa mpweya womwewo, ndiye kabuleta yomwe inatcheredwa pa petulo weniweni imapereka msakanizo woonda. Msakanizo woonda umatenthetsa mavalavu a ekizozi. Mukamanga, onani mtundu wa mapulagi mutayenda ulendo wautali. Akayera ngati phulusa, tsitsani nati ya pansi pa SU pang'ono kuti mafuta awonjezereke. Tayimingi yochedwa nayo imawotcha ekizozi, chifukwa moto umatuluka usanathe kuyaka.

Wa pa Lathe: Ntchito ya pabenchi iyende m'ndondomeko iyi, chifukwa mukasokoneza mulipira kawiri.

Yambani ndi kutsuka. Chotsani mavalavu ndi chopanira masipuling'i, makoleti, tizitsulo togwira sipuling'i pa valavu, muwasunge m'kachitini, valavu iliyonse pa nambala yake. Palani mwaye wonse m'machemba ndi m'mabowo.

Kenako ming'alu, musanawononge tambala pa china chilichonse. Njira ya kugalaja: nyowetsani chemba ndi palafini, dikirani mphindi khumi, pukutani mpaka paume, pakani choko chosungunula mu sipiriti. Choko chikauma, palafini wobisala mu mng'alu amatuluka n'kujambula kamzere kakuda. Yang'anitsitsani pakati pa masiti awiri, ndi kuchoka pa siti ya ekizozi kupita ku bowo la pulagi. Koma choko chimangoona zapamaso. Mng'alu wa m'kati mwa bowo la ekizozi umapezeka potseka njira zonse za madzi, kupopera mpweya wa 30 kapena 40 psi, n'kumiza hedi m'madzi otentha kuona ngati pakutuluka thovu. Madzi akhale otentha, chifukwa ming'alu ina imatseguka chitsulo chikafunda. Mng'alu waung'ono wa pa siti pokha umatha ndi mphete yatsopano. Wofika kumadzi, hedi yachitsulo ngati iyi, musalimbane nawo. Kuwotcherera chitsulo choumba kumafuna kutenthetsa hedi yonse mu uvuni ndi kuiziziritsa pang'onopang'ono. Wa magetsi wa pamsewu angokuwonjezerani mng'alu wachiwiri pambali pa woyamba.

Chachitatu, kupindika. Lula yachitsulo yowongoka bwino ndi filageji, tizitsulo topyapyala toyezera mpata. Gonekani lula m'litali, m'lifupi, ndi mopingasa ngodya ndi ngodya. Filageji ya 0.10mm ikalowa pansi pa lula m'litali, kapena ya 0.05mm m'lifupi, ikufunika kupalidwa. Ikapanda kulowa, isiyeni. Chizolowezi choti hedi iliyonse ikatsika ipite kukapalidwa ndi chimene chinapha 12G202 ya kumsika ija. Lula yomweyo muigonekenso pa buloko, makamaka pakampata ka 2 ndi 3, chifukwa moto ukadutsapo nthawi yaitali umakumba kangalande.

Chachinayi, magayidi, timapaipi momwe mwendo wa valavu umayendamo. Lowetsani valavu yatsopano, ikwezeni pang'ono kuchoka pa siti, igwedezeni. Mpata woyenera pakati pa mwendo wa valavu ndi gayidi ndi waung'ono kwambiri, cha m'ma 0.04 mpaka 0.08mm, wa ekizozi kukulirapo kuposa wa inileti. Ikamagwedera moonekera ndi maso, gayidi yatha. Gayidi yakutha imamwetsa oyilo, mumaona utsi wabuluu mukatsika phiri n'kupondanso mafuta, komanso imachititsa valavu kugwera pambali, siti n'kudyeka mbali imodzi.

Magayidi alowe kaye, masiti adulidwe pambuyo, chifukwa chodulira siti chimatsamira mu gayidi kuti chipeze pakati. Ngodya ndi madigiri 45. M'lifupi mwa pokhudzana mukhale pafupifupi 1.5mm pa inileti ndi 2mm pa ekizozi. Siti yopyapyala kwambiri siichotsa kutentha mu valavu, yotakata kwambiri imasunga mwaye. Kupala nkhope kukhale komaliza, chifukwa kukhoma mphete kumasuntha chitsulo pang'ono, ndiponso mufuna kuyeza machemba mavalavu atakhala pamalo awo atsopano.

Che Sipanala: Pa kugaya mavalavu: phala losalala, kamtengo ka labala kumapeto, kupukusa m'manja ngati mukupeka moto, kukweza ndi kutembenuza valavu pafupipafupi. Mukufuna kamzere kotuwa kosaduka kuzungulira valavu ndi siti. Musagwiritse ntchito drill, ndipo musayese kuchotsa maenje akuya ndi phala lokhakhala, mungokumba ngalande pa valavu. Mukamaliza tsukani kawiri, phala likatsala mu gayidi liidya pa sabata imodzi. Mangani masipuling'i, imikani hedi chammbali, thirani palafini m'mabowo. Pakatha mphindi zisanu m'chemba mukhale mouma.

Minor1000: Zotsatira: choko sichinaonetse mng'alu, ndipo ku makina aimiza m'madzi, palibe thovu. Filageji ya 0.15mm ikulowa pakati. Magayidi a ekizozi onse akugwedera. Buloko ili bwino, 0.05 sikulowa.

Wa pa Lathe: Ndiye sinthani magayidi onse asanu ndi atatu, mphete zinayi, mavalavu a ekizozi atsopano, ndipo apale zongokwanira kuyeretsa nkhope, cha m'ma 0.20mm. Kompuleshoni ingokwera pang'ono, simudzamva n'komwe.

Series109: Pepani polowerera, koma nkhani ya nambala ndi muyezo ikukhudzanso eni Land Rover a Series, a injini ya petulo ya 2286cc. Mahedi ake alipo a 7:1 ndi a 8:1. Ya 8:1 imakhala ndi nambala 8 yokhomedwa pa kachitsulo ka ngodya zinayi pamwamba pa hedi, pakati, mbali ya manifodi. Ya 7:1 ndi yochindikala pafupifupi mainchesi 3.700, ya 8:1 mainchesi 3.600, ndipo mapushirodi awo amasiyana kutalika. Mukasakaniza, zomangira matapeti zimatha ulusi mpata usanapezeke. Mpata wake ndi 0.25mm, mabawuti aakulu amangidwe pa 65 lb ft (muyezo wa mphamvu yomangira) pa ya petulo, 90 pa ya dizilo. Pa ya dizilo onaninso timakapu ta moto tokhomedwa pankhope ya hedi. Tikang'aluka kapena kugwedera, chidutswa chimagwera pa pisitoni.

Madala a BMC: Ndipo wina asatenge malangizo a Minor n'kukawagwiritsa ntchito pa Peugeot 404 kapena 504 ya petulo. Kumeneko hedi ndi ya aluminiyamu ndipo masilinda ndi malaina ochoka, okhala m'madzi. Mukanyamula hedi molunjika, laina imamatirira n'kukwera nayo, chidindo cha pansi n'kusweka, madzi n'kulowa mu sampu. Hedi imeneyo mumayamba mwaisuntha chammbali kuti imatuke, kenako mumapana malaina ndi mawashala aakulu ndi mabawuti musanazungulitse injini ngakhale pang'ono.

Mayi Torque: Tibwerere ku Minor, kumanga. Apa ndi pomwe ntchito yabwino ya pamakina imaonongekera.

Zulani masitadi onse asanu ndi anayi mu buloko. Zaka zambiri za kukoka zimatukula kamlomo kachitsulo kuzungulira bowo lililonse, ndipo kamlomo kameneko kamaletsa hedi kupana gasiketi. Kaduleni pang'ono ndi nsonga ya drill yaikulu, pamanja. Tsukani ulusi, pukutani oyilo ndi madzi pansi pa mabowo. Sitadi yomwe yaonda pakati kapena yadyeka ndi dzimbiri isinthidwe. Pobwezera, ingowalimbitsani pang'ono, mphamvu yake ili pa nati.

Nkhope zonse ziwiri ziyere, ziume. Gasiketi ikhale ya masilinda ang'ono, osati ya 1275, ndipo yang'anani mawu akuti TOP ndi FRONT. Onetsetsani kuti kabowo ka oyilo wa marokala kakugwirizana ndi ka mu buloko. Silikoni asayandikire. Kapaipi ka labala katsopano kalowe hedi isanatsike, chifukwa pambuyo pake mudzalira nako. Sankhani kosalala kochindikala, osati kamakwinya, kameneko sikakhalitsa.

Pakani oyilo pang'ono pa ulusi ndi pansi pa manati. Mangani ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, kuyambira pakati, kuzungulira kutulukira kunja, katatu: 20, kenako 30, kenako 40 lb ft, yomwe ndi 54 Nm. Manati ang'onoang'ono a mizati ya marokala ndi 25 lb ft. Nambala ya 50 lb ft imene mumaimva ndi ya 1275, pa masitadi akale a 1098 mungawatambasule.

Matapeti 0.30mm, injini yozizira. Gwiritsani lamulo la 9: valavu 8 ikatseguka kotheratu tcherani 1, ikatseguka 6 tcherani 3, ikatseguka 4 tcherani 5, choncho choncho, nambala ziwirizo zikwane 9. Chenjerani ndi marokala akale: pansonga pamakhala kadzenje kokumbidwa ndi valavu, filageji imadutsa pamwamba pa kadzenjeko n'kukunamizani kuti mpata uli bwino pomwe ndi waukulu. Injini ikamalira tiketike mutatchera bwino, vuto ndi limenelo kapena shafti yadyeka kumunsi.

Lizani injini ifunde, izizire usiku wonse, mubwerezenso manati pa 40 m'ndondomeko yomwe ija, mutcherenso matapeti chifukwa hedi ikatsika mpata umachepa. Mubwerezenso mukayenda makilomita 800.

Rally_Zomba: Thermostat, kavalavu kotsegulira madzi opita ku rediyeta injini ikafunda, achotse, kuno n'kotentha.

Che Sipanala: Ayi, achimwene, imeneyo ndi mphekesera ya m'magalaja yomwe yawotcha mahedi ambiri. Pa A-series pampu ili kutsogolo, potulukira madzi palinso kutsogolo. Thermostat imapanikiza madzi kuti azungulire mpaka kumbuyo. Mukaichotsa, madzi amadutsa njira yachidule, silinda 3 ndi 4 n'kumapsa pomwe geji ikuonetsa kuti zonse zili bwino, popeza imayezera kutsogolo. Ikani ya madigiri 82, kapena ya 74 ngati galimoto imakhalira ku Chigwa cha Shire kapena kunyanja. Iyeseni mumphika wa madzi pamoto musanaimange. Rediyeta ikatsukidwe, ndipo madzi a pamjigo musathiremo, amasiya laimu m'njira za mu hedi. Madzi a mvula osefa kapena oyera aja owonjezera mu batire, osakaniza ndi mankhwala a mu rediyeta (coolant) kuti dzimbiri lisagwire.

Series109: Mukadzayezanso kompuleshoni, kumbukirani komwe muli. Mpweya umapepuka mukakwera, geji imatsika ndi pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse. Injini yomweyo ipereka nambala yotsika ku Dedza kuyerekeza ndi ku Nsanje. Chofunika n'chakuti masilinda onse anayi asasiyane kuposa 10 peresenti, poyeza injini ili yofunda, mapulagi onse atachotsedwa, mafuta ataponderezedwa mpaka pansi.

Minor1000: Yamangidwa, yafunda, yazizira, manati ndabwereza. Atatu apakati anayendanso pang'ono. Kompuleshoni tsopano 152, 150, 150, 151. Madzi sakuchepa. Funso lomaliza: 12G295 ija ndiisiye?

Madala a BMC: Ngati mtengo ndi wabwino ndipo wogulitsa alola kuti ikamizidwe m'madzi musanalipire, itengeni. Ya 69.8mm yosapalidwa sipezeka kawirikawiri. Itsukeni, ipakeni girizi pankhope, m'masiti ndi m'magayidi, ikulungeni mu pepala la oyilo, muigoneke pa thabwa osati pa simenti. Tsiku lomwe mudzaifune, ikani mphete ndi mavalavu kaye, muyeze machemba ndi sirinji, kenako muwerengere zopala kuti ifike pa 26cc.